Kamera yojambula chinthu chobisika kuseri kwa ngodya

Takulandiraninso owonera athu. Lero tikufotokozereni mmene akatswiri amajambulira chinthu chimene diso silingachione chifukwa chabisika kuseri kwa ngodya ya khoma.

Choyamba, leza (chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi) imaponya kuwala kwa kanthawi kochepa kwambiri pakhoma limene likuonekera. Chachiwiri, kuwalako kumamwazika, ndipo kwina kumakagunda chinthu chobisikacho n'kubwereranso pakhomapo kenako kulowa m'kamera. Chachitatu ndicho chofunika kwambiri, choncho mvetserani bwino. Kuwala kumayenda pafupifupi masentimita 30 m'gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, ndipo kamera ikadziwa nthawi imene kachidutswa kalikonse ka kuwala kachedwera panjira, kompyuta imawerengera mtunda ndi kuumba chithunzi cha chinthucho. Gulu la Ramesh Raskar ndi Andreas Velten ku yunivesite ya MIT, ku America, linaonetsa zimenezi mu 2012.

Ngati simunalembetse ku chanelo chathu, dinani batani lili m'munsimu tisanapitirire.

Tsopano tifike pa bodza limene limandivutitsa mtima. Anthu ambiri amanena kuti kamera imeneyi imaona kupyola khoma ngati makina a X-ray a kuchipatala. Ayi ndithu! Palibe kuwala kumene kumaboola njerwa pano. Kuwalako kumazungulira chotchingacho podumpha katatu, ndipo pa kudumpha kulikonse kochuluka kumatayika, moti kobwerera ku kamera kumakhala kochepetsetsa. Taganizirani chipinda chimene chitseko chake chatsekulidwa pang'ono: kuwala kungalowe pampatapo, kugunda khoma la m'kati ndi kubwerera. Mukatseka chitsekocho, kulibenso choti kamera ijambule, ngakhale itakhala yodula motani. Amene amakuuzani kuti foni yanu idzayamba kuona anthu ali m'nyumba yotsekedwa sakunena za njira imeneyi, ndipo chonde musafalitse zimenezo.

Vuto lenileni limene akatswiri alimbana nalo ndi liwiro, pakuti poyamba kusonkhanitsa kuwala kokwanira ndi kuwerengera chithunzi chimodzi kunkatenga nthawi yaitali. Mu 2018, Matthew O'Toole, David Lindell ndi Gordon Wetzstein a ku yunivesite ya Stanford anapeza masamu ofulumizitsa kuwerengerako. Mu 2021, gulu la Velten, amene anali atasamukira ku yunivesite ya Wisconsin, linajambula zinthu zoyenda kuseri kwa ngodya pa liwiro la zithunzi 5 pa sekondi. Kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi inasinthira, chifukwa galimoto imene ikufuna kugwiritsa ntchito kamerayi pozindikira mwana wotulukira pamphambano singadikire mphindi zingapo.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona njira ya Ori Katz, Eran Small ndi Yaron Silberberg a ku Weizmann Institute, ku Israel, amene mu 2012 anajambula zobisika pogwiritsa ntchito kuwala kwa nyale wamba komwazika papepala.