Kodi Malambe Amaposadi Malalanje Kakhumi?

Moni nonse! Lero tili ku Mangochi, m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, pansi pa mlambe. Ku Ulaya ufa wa chipatsochi ndi wosowa, amaugula modula m'timapaketi kuyambira 2008 pamene European Union inaloleza kuti uzigulitsidwa. Kuno ana amangogenda.

Tifulumire. Choyamba, maluwa ake amatseguka usiku, mungu amanyamula ndi mileme. Chachiwiri, chipatsochi chimauma chikadali mumtengo. Mukaswa chigoba chake (ubweyawu umayabwa, taonani mkono wangawu) mupeza ufa woyererako utakuta njere. Muli vitamini C, kashiyamu, potaziyamu, ndi zija zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino.

Amene simunadine subscribe, dinani pompano, ndikudikirani.

Chachitatu, chimene chandiyendetsa ulendo wonsewu. Pa WhatsApp pakuzungulira uthenga woti malambe ali ndi vitamini C kuposa lalanje kakhumi, ndiye malalanje tiwasiye. Abale anga, tiyeni tiwerengetsere. Magalamu 100 a lalanje amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 50 a vitaminiyu. Ufa wa malambe wolemera chimodzimodzi umaposadi pamenepo kangapo, kutengera mtengo wake, sindikukana. Koma lalanje ndi madzi, malambe ndi ufa wouma. Inu a kunyanja mukudziwa: kilo ya usipa wouma ndi kilo ya usipa wauwisi, muli nsomba zofanana kuchuluka? Ndiye mundiuze, ndani angamalize magalamu 100 a ufa wowawasa chonchi? Mano angachite dzanzi musanafike pakati. Supuni yaikulu imatenga ngati magalamu 10 basi, ndipo vitamini wake safika wa lalanje limodzi lalikulu.

Chondikwiyitsa china n'chakuti ena amawiritsa malambewo mpaka kubwata, pamene vitamini C amaonongeka ndi moto. Wiritsani madzi paokha, azizire, muviikemo malambe, mufikise ndi manja osamba, musefe. Shuga pang'ono chabe, osati ngati wa m'timajumbo ta mufiriji tija timene ana amayamwa poweruka kusukulu.

Chachinayi, imwani pamene mukudya nsima ya nyemba kapena bonongwe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwozo.

Lembani m'munsimu ngati kwanu mumakazinga njere zake. Sabata yamawa tikamba za bwemba.