Za jezi ya nambala 51 ija

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Phoenix dzuwa likuotcha koopsa, koma tili bwino. Ndati ndijambule uthengawu msanga chifukwa katundu uja afika sabata yamawa, ndiye pali nkhani ya jezi imene ili mkatimo.

Jeziyo ndi ya mnyamata wanu wamtali uja, osati ya alamu, muwauziretu. Kumsana kwake kwalembedwa JOHNSON ndi nambala 51. Musavutike kumufunafuna ku Arsenal, ameneyu si wa mpira wa miyendo ayi. Ndi wa baseball, masewera oti wina amaponya kampira kolimba, wina n'kumayesa kukamenya ndi chibonga. Randy Johnson anali woponya, wamanzere, wotalika mamita 2.08. Kuno amangoti Big Unit, ngati mmene ife tinganenere kuti chimunthu chadzaoneni. Dzinali analitola mu 1988 ali ku Montreal. Akukonzekera masewera anawombana ndi mnzake Tim Raines, ndiye Raines pokweza maso kuti aone chomwe chamugunda, mawu amene anatuluka ndi amenewo. Basi, linamukakamira mpaka lero.

Timu ya kuno imene Johnson anadzasewerera pambuyo pake, Arizona Diamondbacks, inatenga chikho cha World Series mu 2001 itagonjetsa New York Yankees, ndipo pa masewera anayi amene inapambana, atatu analembedwa pa dzina lake. Chaka chomwecho, pa masewera ongoyeserera, njiwa inadutsa iye ataponya kale mpira, mpirawo n'kuimenya. Achimwene, kunangoti mbwee nthenga zokhazokha! Mnyamatayo afufuze pa YouTube aone yekha. Anasiya kusewera atapambana masewera 303, ndipo mu 2015 timuyi inalengeza kuti wosewera wake aliyense asadzavalenso 51.

Ndiye chonde, jeziyi si ya pa kaunjika, ndalama zake zinandiwawa. Azichapa ndi manja m'madzi ozizira, ataitembenuza, osaikwecha pamwala. Simbi isayandikire manambala aja, makamaka ya makala ija. Kuyanika kwake pamthunzi. Ikaoneka yaikulu asathamangire nayo kwa telala, imavalidwa yokhuthukira choncho, komanso mwanayo akukulabe.

Akaivala mumujambule munditumizire pa WhatsApp. Ndikufuna ndionetse mnzanga wa kuntchito amene anandithandiza kusankha, sakhulupirira kuti kwathunso kuli anthu aatali. Mupereke moni kwa amayi.