Makilomita 300 pa ndege: n'chifukwa chiyani tikiti imati ola lathunthu?

Moni nonse amene mukutionera. Tiyambe ndi kasamu kakang'ono. Mabwalo awiri a ndege atalikirana makilomita 300. Ndege ya mapulopela ya mtundu wa ATR 72 imathamanga pafupifupi makilomita 500 pa ola. Mukagawa, yankho ndi mphindi 36. Koma tikiti ya ulendo wotere kawirikawiri imasonyeza nthawi yoyandikira ola. Mphindi zinazo zalowera kuti?

Nthawi ya pa tikiti imayamba ndege ikangosuntha pamalo pamene inaimikidwa, n'kutha ikaima pa bwalo linalo. Kuyenda pang'onopang'ono kupita pa msewu wonyamukira, kudikira chilolezo cha oyang'anira maulendo a ndege, zonsezi amaziwerengera.

Koma chimene ine chimandichititsa chidwi kwambiri chimachitika m'mwamba. Liwiro la 500 lija ndege imalifika ikamaliza kukwera, ndipo pokwerapo imayenda mocheperapo. M'mayiko ambiri, ndege imene ili m'munsi mwa mamita pafupifupi 3,000 siloledwa kupitirira makilomita 460 pa ola. Kutsikanso kumafuna mtunda wautali. Jeti imene ili pa mamita 9,000 imayamba kutsika kutatsala makilomita pafupifupi 170 kuti ifike. Taganizirani bwino: pa ulendo wathu uja, mtunda woposa theka ungathere pa kutsika kokha! Ndiye jeti yothamanga makilomita 830 pa ola, imene papepala ingafike m'mphindi 22, mpata woti ionetse liwiro lakelo umakhala wochepa zedi. N'chifukwa chake makampani ambiri amaika ndege za mapulopela pa maulendo aafupi. Zimamwa mafuta ochepa, ndipo wokwera amangochedwa ndi mphindi zowerengeka.

Makilomita 300 aja nawonso ndi a mzere wowongoka. Ndege imatsata njira zimene inapatsidwa, ndipo popeza imatera moyang'anizana ndi mphepo, nthawi zina imapitirira bwalo n'kukhota kuti ilowere mbali inayo. Mphepo yomweyo ikamakankha kumbuyo popita, pobwerera imakhala kutsogolo. Choncho musadabwe mukaona nthawi yopita ikusiyana ndi yobwerera.

Kuti muone mmene mphepo imasinthira zinthu, tiyeni ku zilumba za Orkney ku Scotland. Pakati pa Westray ndi Papa Westray pali makilomita 2.7 okha, ndipo ulendo wa ndege yonyamula anthu pamenepa ndi umene umadziwika kuti ndi waufupi kwambiri padziko lonse. Kampani ya Loganair yakhala ikuuyendetsa kuyambira 1967, ndi kandege ka Britten-Norman Islander konyamula anthu 8. Nthawi zambiri kamakhala m'mwamba pakati pa mphindi imodzi ndi mphindi imodzi ndi theka. Tsiku lina mphepo itakomera woyendetsa wake, Stuart Linklater, anatera patangotha masekondi 53.