Makalata a Omvera: Kodi Kusiya Nyama N'kokwanira?

Tafika pa nthawi ya makalata anu omvera. Sabata ino ambiri mwalemba za kusiya kudya nyama, ndiye ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Akuti: "Bambo a kunyumba anawapeza ndi BP komanso shuga chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo analeka nyama. Koma tsiku lililonse amafuna nsima ya ufa woyera, soya pisi wokazinga m'mafuta ambiri, madzulo n'kudzera pa chiwaya kukagula tchipisi. Apongozi akabwera amati ndikum'mana mwana wawo ndiwo. Kodi tikuchita bwino?"

Zikomo mayi polemba. Mawu a apongoziwo asakupwetekeni mtima. Kwathu kuno mlendo akafika timam'phera nkhuku, choncho kwa iwo mbale yopanda nyama ikuoneka ngati mwana wawo sakusamalidwa. Akhazikeni pansi mwaulemu muwauze zimene adokotala ananena. Koma ndikuuzeni zoona: bambowo angosiya nyama, kudya bwino sanayambe. Ufa woyera ndi wochotsedwa gaga, ndipo gagayo ndi amene amathandiza kuti shuga asakwere mothamanga m'magazi munthu akangodya. Yambani kuwapatsa mgaiwa, mtanda umodzi wapakati, ndiwo n'kuchuluka kuposa nsimayo. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, izi zonse zimamanga thupi. Pambali pake pakhale nkhwani kapena bonongwe wotendera nsinjiro. Ndipo mayi, dzanja lanu lisapite ku soda pophika masamba. Ndikudziwa kuti amafewetsa msanga ndipo makala akwera mtengo, koma soda amapha mavitamini ena amene mukuwafuna m'masambamo.

Pa BP, mdani wamkulu ndi mchere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Muwerengere ndi mchere uja ali m'tisupu ta m'mapaketi ndi wowaza pa tchipisi. Kambale ka mchere kaja kachoke patebulo.

Kuti kudya zomera kumathandiza, umboni ulipo. Ku Loma Linda University ku America, ofufuza akhala akutsatira anthu pafupifupi 96,000 a mpingo wa Seventh-day Adventist kuyambira mu 2002, ndipo anapeza kuti osadya nyama sadwala shuga ndi BP mochuluka ngati anzawo odya nyama. Koma chonde, mankhwala a kuchipatala aja bambowo asawasiye chifukwa asintha zakudya. Osintha mlingo wa mankhwala ndi adokotala akawayeza.

Kalata yachiwiri yandidetsa nkhawa. Yachokera kwa mnyamata wophunzira ku Zomba. Akuti: "Patha zaka zinayi ndisakudya nyama, nsomba, mazira ngakhale mkaka. Poyamba ndinkamva bwino, koma miyezi yapitayi ndikutopa msanga, mapazi akuchita dzanzi ngati ndaponda singano. Anzanga akuti ndalodzedwa."

Achimwene, pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukawauze zonse zimene mwandiuzazi, kuphatikizapo zaka zinayizo. Pali vitamini wotchedwa B12 amene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi ndi kusamalira minyewa. Vitamini ameneyu amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Mu nyemba mulibe, m'masamba mulibe, mungadye ochuluka bwanji. Chiwindi chimasunga B12 kwa zaka zingapo, n'chifukwa chake poyamba munkamva bwino. Nkhokwe ikatha ndi pamene dzanzi limayamba. Ine pawailesi sindingakuyezeni, ndipo dzanzi limabweranso ndi matenda ena monga shuga, koma zimene mwalembazi zikuloza kumeneko. Mukachedwa, minyewa ikhoza kuwonongeka osabwereranso mwakale. Ngati mtima wanu kapena chikhulupiriro chanu sichilola nyama, sindikukukakamizani. Alipo mapiritsi ndi jakisoni wa B12. Ngati mazira ndi chambiko mungalole, bwezeraninso pa chakudya chanu.

Yachitatu ndi yaifupi, yochokera kwa mayi wa ku Dedza. Akuti pabanja pawo sadya nyama, ndipo mwana wawo wa miyezi 9 akum'patsa phala la ufa woyera lothira shuga. Akufunsa ngati likukwanira.

Mayi, silikukwanira. Pitirizani kuyamwitsa mpaka akwanitse zaka ziwiri, koma phala likhale la mgaiwa, lolimbirako, osati lamadzimadzi. Thiranimo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, kasupuni ka mafuta ophikira, ndi masamba ophika opota bwino. Dzira lophika, lophwanya, mum'patse pafupipafupi. Mbatata yofiira m'kati ndi mapapaya zimam'patsa vitamini A. Kuti ayironi wa mu nyemba ndi masamba, amene amathandiza kupanga magazi, alowe bwino m'thupi, pakhale chipatso monga gwafa, lalanje kapena malambe pa chakudya chomwecho. Tiyi musam'patse, ndipo inuyo oyamwitsa musamwe tiyi pomwe mukudya, chifukwa amatchinga ayironi. Dikirani papite ola limodzi. Ku sikelo mukapita, auzeni alangizi a zaumoyo kuti pabanja panu simudya nyama, kuti aone bwino kakulidwe ka mwanayo pa khadi lake komanso akuyezeni magazi inuyo.