Kuposta tsiku lililonse koma osataya ulemu wa peji lako

Muli bwanji nonse, mwabweranso. Lero ndikulankhula ndi inu amene muli ndi peji pa Facebook, TikTok kapena YouTube ndipo winawake anakuuzani kuti ukafuna kukula uziposta tsiku lililonse osaphonya. Sananame kwenikweni, koma pali dzenje pamenepo ndipo ine ndinagweramo ndi miyendo yonse.

Mukukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku anthu tili mtulo. Nthawi imeneyo ine ndinali nditalumbira kuti peji langa la mitengo ya pamsika silidzagona lopanda positi. Tsiku lina foni yatsala pang'ono kuzima, ndili mu minibasi yochokera ku Matero, kondakita akukuwa m'khutu, ine ndikulemba mtengo wa bokosi la tomato ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka koma ku Soweto komweko sindinapondeko, ndangotenga mtengo wa sabata yatha poganiza kuti aaa sunasinthe. Mawa lake amayi ena ananyamuka ku Chawama ndi ndalama yomwe ndinalemba ija, kukafika mtengo ndi wina. Anandilembera mu komenti mwaulemu ndithu, kunditchula mwana wawo, kuti ngati sindinapiteko bola kukhala chete. Sanatukwane koma mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Manje tiyeni tione chifukwa chake positi ya changuchangu imapweteka. Facebook kapena TikTok sionetsa positi yako kwa onse amene amakutsatira ayi. Imayang'ana zochita za anthu, kodi ayima kapena angodutsa, aonera mpaka pati, akomenta, atumizira anzawo? Ndiye ukamawapatsa zopanda mchere masiku anayi otsatizana ukuwaphunzitsa chala chawo kuti chikaona dzina lako chizingopitirira. Tsiku lomwe wakonza chinthu chabwino zedi, iwo anazolowera kale kukudumpha.

[Pa sikirini: mzere wa oonera mu YouTube Studio]

Onani apa. YouTube Studio, pomwe umayendetsera chanelo chako cha YouTube, imakuonetsa mzere wa pomwe anthu akusiyira vidiyo yako. Iyi ndinaijambula mothamanga, onani mmene mzere wagwera poyambirira pomwepa ndikadali pa moni wautali uja. Inayi ndinayamba ndi tomato m'manja ndi mtengo wake, moni pambuyo, anthu anakhala. Foni ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo.

Chomwe chinandipulumutsa n'chakuti ndinasiyanitsa tsiku lophika ndi tsiku lopakula. Loweruka m'mawa ndimapita ku Soweto, kenako ku Kamwala kwa ogulitsa zitenje, ndimajambula zambiri kamodzi, ndimafunsa mitengo pakamwa pa ogulitsa n'kulemba m'kabuku pamodzi ndi deti. Malaiti akakhalapo ndimakhala pansi ndi CapCut, app yokonzera mavidiyo, kudula zonse, kenako ndimazindandalika. Meta Business Suite, app yoyendetsera peji la Facebook, imakulola kuika positi kuti idzatuluke yokha tsiku ndi ola lomwe wasankha, YouTube Studio nayonso chimodzimodzi, ndipo ndi zaulere, bundle chabe. Koma chenjerani, zinthu zosintha msanga ngati mitengo musazisunge mpaka Lachisanu, zimasasa. Zimenezo zituluke Lamlungu kapena Lolemba ndipo nenani tsiku lomwe munafunsa. Zosasasa, monga mmene ungadziwire chitenje chosasuluka kapena mmene ungasankhire pa belo la salaula, zimenezo zitha kudikira ngakhale mwezi.

Chinanso, si positi iliyonse iyenera kukhala nsima ya nkhuku. Pa sabata ine ndimakonza ziwiri zolemera, zomwe ndatayirapo nthawi ndi thukuta. Masiku enawo ndi vitumbuwa, kachithunzi kamodzi kooneka bwino, kafunso kwa anthu kuti kapenta kwanuko mukugula bwanji, kapena kuyankha komenti ya munthu pa vidiyo yaifupi. Zina zimangopita pa status ya WhatsApp kapena pa Story, zomwe zimafufutika zokha pakatha maola 24, anthu akuona kuti uli moyo koma peji lako silikudzaza ndi zinyalala. Chitumbuwa chikhale chaching'ono koma chikhale chakupsa, ndi pomwe ambiri amasokoneza.

Ndisanadine batani ndimadzifunsa chinthu chimodzi choyamba, kodi izi ndaziona ndi maso anga kapena ndangomva? Kenako ndimavala mahedifoni kumvetsera mawu. Apa ndilimbikire, chithunzi chosaoneka bwino kwambiri anthu amapirira koma mawu osamveka sapirira, ndipo ku Soweto ndi phokoso la mawilibala, mahutala ndi oitanira makasitomala mungaganize kuti mwajambula bwino kufika kunyumba mukungomva fwaaa. Yandikizani foni pakamwa, kapena jambulani zithunzi chabe mawu mudzaikemo muli m'nyumba.

Nanga tsiku lomwe palibiretu chabwino, mwadwala, kuli maliro, bundle yatha? Phonyani. Ndikudziwa ena akana mu makomenti, kanani, koma ine ndaphonyapo kangapo ndipo sindinamvepo munthu akudandaula za tsiku lopanda positi, pomwe nkhani ya tomato ija anthu amandikumbutsabe. Chongofunika n'chakuti tsiku limodzi lisabale sabata, sabata n'kubala mwezi, ndi chifukwa chake ndimasunga mavidiyo atatu osasasa aja pambali ngati ufa wa pa njala.

[Pa sikirini: foni ikuonetsa mapositi odikira]

Iyi ndi ya mawa, ituluka 7 koloko m'mawa ine ndili pa mzere wa basi. Ya Lachinayi ili apa koma mawu ake sanandisangalatse, ndiibwereza madzulo ano malaiti akalola.