Wosewera mpira akadwala atabayitsa katemera, angasumire timu yake?

[Kamera ili panja pa bwalo la zamasewera la Mangochi, anyamata akuthamanga mozungulira, dzuwa likuswa mtengo]

Moni nonse okonda mpira, kuno ku Mangochi ndi kulikonse komwe mukutionera. Tsiku lina tikuonera mpira wa ku England mu video show, wosewera wina anagwa yekha popanda womugunda. Bambo wina kumbuyo kwanga anangoti, "Ndi katemera uja ameneyo, anzake ayamba kale kusumira matimu awo." Anthu ambiri anavomereza. Ine nkhaniyi inandikhala pamtima, chifukwa ikukhudza moyo wa ana athu omwe mukuwaona akuthamangawa.

[Chithunzi cha François-Xavier Fumu Tamuzo]

Mlandu wokhudza katemera ulipodi. Mu 2024, François-Xavier Fumu Tamuzo, yemwe ankasewera mu timu ya Laval ku France, anasiya mpira ali ndi zaka 29. Iye akuti atabayitsa katemera wa Covid-19 thupi lake linasintha, bondo linayamba kumuvuta, kenako mtsempha wa kuchidendene unaduka. Anatengera kukhoti makampani a Pfizer ndi BioNTech, pamodzi ndi bungwe loyendetsa mpira ku France. Choyamba chimene anapempha n'chakuti khoti lisankhe akatswiri a zachipatala oti amuunike. Anadziwa kuti woweruza sangangomva kuti "ndinabayitsa, kenako ndinadwala" n'kulamula chipukuta misozi. Tambala amalira kenako kunja kumacha, koma si tambala amene amatulutsa dzuwa. Khoti limafuna umboni woti katemerayo ndiye anayambitsa vutolo, ndipo mtsempha wa kuchidendene osewera akhala akuduka kuyambira kalekale.

Sindikunena kuti katemera alibe zovuta zake, ayi. Wa AstraZeneca, yemwe anafika kuno pa 5 March 2021 okwana 360,000, kwa anthu ochepa kwambiri amachititsa magazi kuundana, ndipo kampaniyo inavomereza zimenezi m'zikalata za kukhoti ku Britain mu 2024. Wa Pfizer ndi wa Moderna nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima, makamaka kwa anyamata achichepere, pakangopita masiku ochepa atabayitsa kachiwiri. Ambiri amachira. Covid-19 yeniyeniyo nayo imatupitsa mtima.

Koma mayina a osewera omwe amazungulira pa WhatsApp aja, oti anagwa chifukwa cha katemera, tiwaonetsetse. Christian Eriksen anagwa pa 12 June 2021 ku Copenhagen, Denmark ikusewera ndi Finland. Mkulu wa timu yake ya Inter Milan ananena poyera kuti mnyamatayo anali asanabayitse n'komwe. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anamwalira atagwa m'bwalo ku Lyon pa 26 June 2003, Covid-19 kulibe. Anamupeza ndi nthenda yokhuthalitsa mnofu wa mtima, yomwe nthawi zambiri munthu amabadwa nayo ndipo amatha kuyenda nayo osadziwa.

Kusumira opanga katemera nakonso ndi phiri. Ku America kuli lamulo la 2005 lotchedwa PREP Act lomwe limawatchinjiriza pa nthawi ya mliri. Ku Britain boma limapereka mapaundi 120,000 kamodzi kokha kwa munthu amene katemera wamulumalitsa kwambiri. Mayiko 92 omwe ankathandizidwa kudzera mu COVAX, ndondomeko yothandiza mayiko kupeza katemera wa Covid-19, Malawi ali momwemo, anawakonzera thumba la chipukuta misozi mu 2021 loti munthu adandaule osadzera kukhoti.

[Wofotokoza wakhala pa benchi, wagwira buku la kuchipatala]

Nanga timu imalowa pati? Mvetserani nkhani iyi, ndi imene ine imandikhudza kuposa zonse.

Radwan Hamed anali mnyamata wa zaka 17 ku Tottenham. Mu 2005 anamuyeza mtima ndi makina a ECG, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti china chake sichili bwino. Iye ndi makolo ake sanawakhazike pansi n'kuwauza kuopsa kwake. Mu August 2006, atangosaina kontirakiti, anapita kukasewera ku Belgium. Patangotha mphindi zochepa mpira utayamba, mtima unaima. Anapulumuka, koma ubongo unawonongeka chifukwa unakhala nthawi wopanda mpweya, moti mpaka lero amadalira anthu ena. Bambo ake anamenya nkhondo zaka zambiri. Mu 2015 khoti lalikulu ku London linagamula kuti timu inalakwa magawo 70 pa 100 alionse, dokotala wa mtima magawo 30. Chipukuta misozi chinafika pafupifupi mapaundi 7 miliyoni.

Chinapambanitsa banja limeneli ndi pepala la ECG lija. Linasonyeza kuti madokotala anaona chizindikiro, ndipo mwana analowabe m'bwalo makolo asakudziwa kanthu. Chimodzimodzi ku America, mu 2023 Chris Maragos, yemwe ankasewera mpira wachimereka mu timu ya Philadelphia Eagles, khoti linamugamulira madola 43.5 miliyoni chifukwa cha mmene madokotala anasamalira bondo lake. Pa katemera funso la woweruza lingakhale lomwelo: timu inadziwa chiyani, ndipo inachitapo chiyani? Ngati wosewera anadandaula kuti pachifuwa pakumupweteka, akubanika, mtima ukugunda mosalongosoka patapita masiku atabayitsa, koma kochi n'kunena kuti "limba mtima mphwanga, Loweruka tili ndi gemu," pamenepo timu yalekerera. Ndipo mlanduwo ungakhalepo ngakhale chomwe chinatupitsa mtima chikhale katemera, Covid-19 kapena matenda ena.

[Zithunzi za bwalo lafumbi pafupi ndi nyanja, zigoli za mitengo, anthu atazungulira]

Tibwerere kwathu. Chaka china mu October ndinali pa bonanza pa bwalo lina kufupi ndi nyanja. Kunkatentha moti mchenga unkawotcha kudzera m'nsapato. Mnyamata wosewera pakati anangoti khuu pansi, mpira uli kutali. Wina anamukhuthulira ndowa ya madzi kumutu, wina akumukupiza ndi jezi, mayi wina akukuwa kuti mumwetseni madzi a shuga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaika khutu pamphuno pake kuti amve ngati akupuma, ndipo ine ndemwe ndinangoima chilili. Mwamwayi anatsitsimuka. Tinamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, mnzake atamugwira kumbuyo. Mwini timu analipira kabazayo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnyamata ameneyu zikanavuta, makolo ake akanayambira pati? Lamulo tili nalo, la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, loti wovulala pantchito alandire chipukuta misozi. Koma uyenera kusonyeza kuti unali pantchito, ndipo osewera athu ambiri m'maligi ang'onoang'ono amangogwirizana pakamwa, malipiro ake ndi ya sopo akapambana. Mlandu wa kuvulala chifukwa cha kulekerera kwa wina uli ndi malire a zaka 3. Ukachedwa, khoti likhoza kukubweza.

Ndiye inu osewera, inu makolo, sungani mapepala. Khadi la katemera lili ndi tsiku ndi mtundu wa katemera amene munalandira. Mukamva zachilendo m'thupi pitani kuchipatala, zilembedwe m'buku ili, ndipo azaumoyo amatumiza malipoti otere ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kochi muuzeni pa WhatsApp, uthengawo musafufute. Dandaulo lokhudza dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kugogoda ku Legal Aid Bureau.

[Wofotokoza wagwada pansi, manja onse awiri ali pachifuwa cha chidole]

Ndipo ichi ndikupemphani muphunzire lero, inu makochi, oyimbira ndi masapota. Wosewera akagwa popanda womugunda, sakuyankha, sakupuma bwino, musamumwetse kanthu. Mugonekeni chagada pamalo olimba. Ikani dzanja limodzi pamwamba pa linzake pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, dinikizani mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi, wina akuthamangira galimoto. Mukatopa mulandizane, osalekeza. Fabrice Muamba wa Bolton mtima wake unaima mphindi 78 mu March 2012, anthu akumudinikiza ndi kumugwedeza mtima ndi makina kuchokera m'bwalo mpaka kuchipatala, ndipo ali moyo.

Mnyamata wa pa bonanza uja ndinakumana naye patapita masabata atatu, atavala jezi yomweyo, akumanga zingwe za nsapato. Ndinamufunsa ngati anamuyeza mtima. Anati anangomupatsa Panado, ndipo kochi wamuika kale pa mndandanda wa oyamba.