Makalata a omvera: anthu a mu Lilongwe amadya kuti masana?

Moni omvera nonse. Makalata a lero achokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo tiyamba ndi mayi wina wa ku Mchesi amene wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti:

"Achimwene a pa wailesi, ine ndimaphika nsima pa chiyimilire kufupi ndi depoti. Ndimalawirira m'bandakucha kukagula masamba ku Lizulu, kenako bonya ndi nyemba. Amene amadya kwa ine ndi makondakitala, akabaza, anyamata onyamula katundu, ngakhalenso a mataye mwezi ukafika pakati. Koma otilanda katundu akangotulukira timathawa ndi mapoto, nsima n'kutayika. Akuti tikuipitsa tauni. Mumsika malo adatha kalekale. Nanga fizi ya ana ndiitenge kuti?"

Mayi, pepani ndi ufa ndi ndiwo zimene zatayikazo. Ndikufuna omvera amvetse chifukwa chimene bizinesi ngati yanu ilipo. Likulu lidasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo mzindawu adaumanga motalikirana, dera ili uku, dera lina uko. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni. Munthu wa ku Area 25, kwa Chinsapo kapena ku Mtandire amene akugwira ntchito ku Old Town sangabwerere kunyumba kukadya n'kudzayambanso ntchito. Ndalama ya minibasi yokha ingapose mtengo wa mbale ya nsima, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake pali chiyimilire, pali chiwaya, ndipo amisiri pa ntchito yomanga amasonkherana mmemo. Mukathamangitsidwa lero, anthu anu aja njala iwapwetekabe nthawi ya 12 koloko, ndipo mawa wina aika mafuwa pamalo pomwepo.

Koma mayi, imvani kaye kalata yachiwiri, chifukwa ikukukhudzani. Yachokera kwa bambo wa ku Area 36:

"Bambo muulutsi, mphwanga adamwalira ndi kolera kumayambiriro kwa 2023. Anali wa kabaza, ankadya m'tauni tsiku lililonse. Ndikaona anthu akusamba m'manja m'beseni limodzi, ntchentche zili ng'waa pa kanyenya, mtima umandiwawa. Musawaikire kumbuyo ogulitsa zakudya m'misewu. Achoke basi."

Bambo, pepani kwambiri ndi zovutazi. Chisoni chanu si chanu nokha. Mliri uja udayamba mu Malichi 2022, udafika m'maboma onse, ndipo udatenga miyoyo yoposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matenda omwewa. Pa nkhani ya beseni limodzi mukunena zoona, ndipo mayi athu a ku Mchesi, apa sindikunyengererani: madzi osamba m'manja azikhala othirira kapena a m'ndowa ya mpopi, sopo ali pambali. Madzi akumwa muzithira kolorini. Ndiwo zizivundikiridwa, ndipo zotsala dzulo zisabwererenso pa mbale ya munthu.

Pamene ndikusiyana nanu, bambo, ndi pa mawu akuti "achoke basi". Kolera amayenda ndi madzi ndi chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Ndiye funso ndi lakuti, pamalo pamene anthu mazanamazana amadyera masana aliwonse, mpopi uli pati? Chimbudzi chili pati, ndipo ndi ndalama zingati kulowamo? Pitani m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe cha ku msika wa Tsoka mukaone kumene zinyalala zimathera. Wophika amene wathamangitsidwa pamsewu amakabisala kuseri kwa mashopu, pafupi ndi ngalande, kumene woyendera zaukhondo safikako. Ine ndingakonde ophikawa atalembedwa m'kaundula, apatsidwe shedi yokhala ndi mpopi, chimbudzi ndi potaya zinyalala, azidula chiphaso, ndipo wophika mwauve aziletsedwa payekha. Misika, zimbudzi za onse ndi kuchotsa zinyalala ndi ntchito ya makhonsolo, ndipo dera lililonse lili ndi khansala amene mudamuvotera. Mayi, gwirizanani ndi anzanu ophika, mulembe kalata imodzi, mupite nayo kwa khansala wanu ngati gulu. Bambo, inunso mawu anu angalemere kwambiri pa msonkhano wotero.

Kalata yachitatu ndi ya mnyamata wa ku Area 49, woyendetsa takisi:

"Akulu, anthu amangodandaula. Taonani intachenji ya ku Area 18, taonani msewu wa Kenyatta ndi wa Mzimba momwe aikulitsira. Kale tinkaima pamzere mpaka mafuta kutha. Amene akulira mitengo yodulidwa ndi fumbi adziwe kuti walira mvula walira matope."

Achimwene, misewuyo ndi yabwino ndithu, ndipo amene ankadutsa pa raundabauti yakale ya Area 18 nthawi yoweruka sangakutsutseni. Koma inu mumaiona muli pa chiwongolero. Tsiku lina siyani galimoto, muyese kuwoloka mizere 6 ya galimoto ya m'misewuyo wapansi mutagwira mwana kudzanja. Anthu ochuluka mumzinda muno amayenda wapansi, pa njinga kapena pa kabaza, ndipo msewu ukatakasuka madalaivala amaponda moto. Mitengo imene idadulidwa mu 2021 m'mbali mwa Kenyatta inali mthunzi wa anthu omwewo mwezi wa Okutobala. Matope a mvula amauma okha, koma malo owolokera, magetsi a usiku ndi mitengo yatsopano zimafuna munthu woziika ndi kuzisamala. Ndipo inu oyendetsa, mukaona mizere yowolokera, imani. Zimenezo sizidikira bajeti.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa agogo a ku Kawale. Akufunsa kuti: "Mwanawe, majumbo opyapyala aja sadaletsedwe kodi? Nanga bwanji tchipisi akutikulungirabe momwemo, ngalande zathu n'kumatsekeka mvula ikagwa?"

Agogo, mukukumbukira bwino. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma milandu ya makampani opanga majumbo idachedwetsa ntchito yokhwimitsa lamuloli kwa zaka. Ku Kawale madzi akasefukira amalowa m'nyumba za anthu, choncho nkhaniyi kwa inu si yaing'ono. Potuma adzukulu ku chiwaya muziwapatsa kontena ya kunyumba, ndipo mvula isanayambe kambiranani ndi amfumu a m'dera lanu za tsiku lofukula ngalande.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tiwerenga makalata okhudza mtengo wa makala ndi nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Ogulitsa makala, tilembereni nanunso timve mbali yanu.